Kumtunda Kuli Mina

Khasu lija lidakalipo kwathu, ngakhale latha mpaka kutsala ngati chikhatho cha mwana. Mpini wake wasinthidwa kangapo, koma pakhosi pake patsala kadontho ka penti wobiriwira kamene kanakana kufufutika. Anatipatsa tsiku limene tinakwera galimoto yobwerera kwathu kuchokera ku Malawi, nkhondo itatha, pamodzi ndi thumba la ufa, kathumba ka mbewu ndi lona yofolera. Amayi analigoneka pamiyendo njira yonse ngati khanda. Galimoto ikalowa m'dzenje, dzanja limodzi linkagwira mwana, lina khasu.

Bambo tinawasiya m'manda kutsidya kwa malire. Obwerera tinali atatu: amayi, ine, ndi mlongo wanga wamng'ono amene anabadwira kumsasa wa othawa nkhondo ndipo ankayesa kuti Mozambiki ndi dzina la munthu. Galimoto inatitsitsa pa Ntengo wa Mbalame, kwinako tinayenda pansi, kukwera mapiri a kumadzulo kumene dziko la Tsangano limayang'anizana ndi la Makanga. Pamudzi tinapeza mitengo ya masuku itamera pakati pa mizere ya kale, ndipo pamene panali nyumba yathu panali chulu. Tinapezanso amalume, achimwene awo a amayi, amene sanathawe. Anali ataonda ngati nsungwi, khutu limodzi litagontha, chipewa chikadali chomwe chija amayi anawasiya nacho. Ali mnyamata anagwirapo ntchito m'munda wa batata wa Mpwitikizi wina, choncho pakamwa pawo pankatuluka mawu akale a Chipwitikizi amene ife ana a kumsasa sitinkawamva. Ifeyo ankatitchula kuti Amalawi. Ine ndinali Kamalawi.

Tinafika nthawi yoipa, mvula itatha kale. Inali nyengo yokolola, koma ife tinalibe chokolola, ndipo thumba la ufa linkaphwa tikuliona. Chiyembekezo chinali dimba basi. Pamwamba pa mudzi wathu, pakati pa nsonga ziwiri za phiri, pali dambo lalikulu losaphwa, ndipo maso a obwerera onse anali kumeneko. Kulima dambo n'kosavuta kufotokoza: umakumba ngalande kuti madzi achoke, n'kutembenuza dothi lakuda, n'kuotcha zibuma za udzu, n'kubzala batata ndi nyemba. Amayi anali atawerengera kale mumtima. Khasu latsopanolo anakana kukagwira nalo ganyu kwa anthu. Ankati liyambe kuluma dothi m'munda mwawo.

Tsiku limene akuluakulu anasonkhana kuti akwere kukagawana dambolo, amalume anali pansi pa mtengo akusema mpini. Sanadzutse n'komwe mutu.

"Kumtunda kuli mina," anatero. "Wofuna akakumbe."

Mawu amenewo tinkawadziwa tonse, ngakhale mwana. Kumsasa anatiphunzitsa za mabomba okwiriridwa pansi, ndipo tinali titaona anthu oyendera ndodo, mwendo wa buluku utapindidwa. Palibe anafunsa kuti mina zake ndi zingati kapena anaziika ndani. Munthu amene anatsala m'nkhondo akanena, iwe wochokera kothawa ungatsutse chiyani? Makasu anatembenuka, nalowera kudambo lina la kuseri kwa phiri. Koma kumeneko amene anabwerera chaka chapitacho anali atakumba kale ngalande zawo n'kugawana malo onse abwino. Mayi wamasiye wofika mochedwa sanapezeko ngakhale poponya mbewu ya mpiru. Khasu lathu linabwerera ndi penti wake, ndipo amayi analitsamiritsa kuseri kwa chitseko. Kuyambira pamenepo ankabwereka khasu lakutha la amalume n'kumakalimira ena, kubwera ndi kambale ka chimanga kapena maungu awiri.

Kenaka kunabwera chisanu. Amene sanagonepo kumapiri a kwathu m'mwezi wa June sadziwa kuti udzu ungachite kuthyoka ngati botolo ukauponda m'mawa. Zidendene zathu zinang'ambika, milomo inauma, utsi wa nkhuni zaziwisi unatikhala m'tsitsi. Mlongo wanga ankalira kulira kwa mwana wanjala, kopanda mphamvu, kongodandaula. Ntchito yanga inali yotunga madzi pakasupe, m'munsi mwa dambo, pamene madzi amatuluka pansi pa thanthwe mumthunzi wa mtengo wa katope. Malire anali pamenepo. Kupitirira katope, amayi anati adzandithyola miyendo iwo eni mina isanatero.

M'mawa wina, nkhungu isanachoke, ndinaona chipewa cha amalume chikuyenda pamwamba pa udzu, kulowera kudambo. Ndinasiya chitini pathanthwe. Sindikudziwa chimene chinandikoka. Mwina ndinkafuna kuona mmene munthu amafera. Ndinawatsata ndikuponda m'mapazi mwawo, monga anatiphunzitsira kumsasa. Nthaka inayamba kunjenjemera pansi panga ngati mimba ya ng'ombe. Madzi anatuluka pakati pa zala za kumapazi, ozizira mochita kuotcha.

Amalume anacheuka. "Kamalawi iwe! Wabwera kudzafa?" Koma maso awo ankaseka. "Chabwino. Ponda momwe ndaponda, ndipo amako asamve."

Umo ndi momwe dambo linandilandirira, ndipo nyengo yonse yachisanu ndi yotentha ndinkapitako ndikapeza mpata. Ndakalamba tsopano, ndaona malo ambiri, koma ndikamva kuwerengedwa m'tchalitchi za munda woyamba uja, umene unkathiriridwa ndi nkhungu yokwera kuchokera pansi mvula isanayambe kugwa padziko, ndimaona dambo lakwathu. Dzuwa likatuluka, nkhungu inkang'ambika pang'onopang'ono, n'kuoneka mlulu wobiriwira, timaluwa tofiirira tobisala mu udzu, ndi timaiwe takuda todzaza mbululu. Atombolombo ankaima m'mwamba osasuntha. Nantchengwa ankayenda m'matope ngati mkulu wa mpingo woganiza za mlandu. Tsiku lina mphoyo inadzambatuka pafupi nafe, ikuimba likhweru, ine n'kugwa chagada poyesa kuti mina yaphulika. Panalinso mbalame ziwiri zazitali kuposa ine, zotuwa, zokhala ndi ndevu zoyera zolendewera pakhosi, zimene zinkavinirana zitatambasula mapiko. Dzina lake sindilidziwa mpaka lero. Amalume ankangoti ndi eni dambo, ndipo tikaziona tinkazungulira kutali, pakuti zinali ndi dzira limodzi lokha pakati pa madzi.

Sanali munthu wolankhula kwambiri. Zimene ndikukumbukira ndi tizidutswa. "Mvula imagona muno." "Phiri limamwa ndi mutu, n'kumwetsa a kumapazi." Nthawi ina anazula kachibuma ka ndere ndi mizu, n'kukafinya m'dzanja pamwamba pa mutu wanga, madzi n'kunditsikira m'khosi. "Nkhokwe ndi imeneyi," anatero. "Ukaiboola pansi, udya bwino mwezi umodzi." Mlulu wolukira mikeka ankadula m'mphepete mokha. Akakumba chinaka, ankasiya china pansi n'kukwirira bwino. Chinakacho ankabwera nacho kwa amayi, ndipo amayi sankafunsa kumene chachokera.

Pakati penipeni pa dambo panali malo amene madzi ankabwadamuka kuchokera pansi, mchenga woyera ukuvina m'menemo osaleka. Amalume akafika pamenepo ankavula chipewa n'kugwada. "Mina ija ndi iyi," anandiuza tsiku loyamba. Ine ndinaima patali, nditagwira pakamwa. Ndinkakhulupirira kuti bomba lili pansi pa mchengawo ndipo likupuma. Ndinkaganiza kuti amalume amagwada kupempha Mulungu kuti lisaphulike, choncho nanenso ndinkatsinzina n'kupempha zomwezo. Ndipo Mulungu ankayankha tsiku lililonse. Chikhulupiriro changa chinakula kwambiri chaka chimenecho, pa maziko olakwika, ndipo Ambuye mwa chifundo chawo sanachigwetse.

Pano ndiyenera kuima pang'ono, chifukwa munthu wamkulu amene ndili lero saona zonse mokoma ngati mwana uja. Amalume ankamva kulira kwa mlongo wanga. Khumbi lawo linali pafupi ndi lathu, ndipo khutu limodzi linkamva. Ankaona amayi akubwera kuganyu msana utauma. Ankadzimana, ndikudziwa, chakudya chawo chochepacho chinkathera kwa ife. Komabe anali ndi mawu amodzi okha oti anene kuti dothi lakuda lija litseguke, ndipo sanawanene. Ndawaweruza kambirimbiri mumtima mwanga, ndawamasulanso kambirimbiri. Ndikaganiza za mlonda wa lupanga lamoto amene anaikidwa pakhomo la munda uja, ndimadzifunsa ngati iye sankamva chisoni poona anthu awiri akutuluka thukuta paminga.

Dzuwa linabwera mwaukali. Kudambo la kuseri anthu anakumba batata zazikulu ngati zibakera, ndipo fungo lake likamaotchedwa linkatipeza mpaka kwathu. Koma pofika mwezi wa October, ngalande zawo zinauma mpaka pansi. Dothi lakuda linasanduka fumbi lopepuka. Moto wa osaka mbewa unalowa m'nthaka n'kumayaka m'kati, wopanda malawi, utsi ukungotuluka m'ming'alu sabata ndi sabata. Kamtsinje kawo kanatsala miyala yokhayokha. Amayi a kuseri anayamba kubwera kukasupe wathu, mzere wautali wa zitini ndi mitsuko kudutsa pakhonde la phiri. Kasupe wathu sanachepe. Ankangotuluka pansi pa thanthwe monga mwa masiku onse, wozizira, osafunsa kuti wotunga ndi wa mudzi uti.

Nthawi imeneyo shikola inali itatsegulidwa m'sitolo yakale yopanda denga. Aphunzitsi anali mnyamata wochokera kuboma, woyenda pa njinga yopanda mabuleki, amene ankavutika kutichotsa Chingelezi cha kumsasa pakamwa kuti tizitha kupereka moni wa Chipwitikizi, bom dia. Tsiku lina anajambula ndi khala pakhoma mitundu ya mabomba, natiuza kuti wodziwa malo amene kuli mina anene. Ndinaopa kukweza dzanja pagulu, kuti nkhani ingafike kwa amayi. Ndinadikira anzanga atuluke, ndikunamizira kusesa, n'kuwauza kuti ine mina ndinaiona ndi maso, ndipo imapuma.

Nkhope yawo inasintha. Anandikhazika pansi n'kundifunsa bwinobwino. Nditafotokoza za mchenga wovina ndi amalume ogwada, anaseka mpaka kutsokomola.

"Menina, mtsikana iwe, Chipwitikizi nachonso chimasauka," anatero akupukuta misozi. "Mawu amodzi, ntchito ziwiri. Pali mina yopha anthu. Palinso mina de água, diso la madzi, pamene madzi amabadwira. Akuluakulu akale amatero." Kenaka analeka kuseka. "Koma ine sindinafikeko, ndipo sindinganene kwa munthu aliyense kuti kulibe mabomba. Iwe usamayende pamene ofufuza mabomba sanapime."

Ndinathamanga njira yonse. Ndinali ndi mawu atsopano, ndipo mwana akatola mawu amakhala ngati watola dzira. Ndinapeza amayi akupeta madeya, ndipo ndinakhuthula zonse: aphunzitsi, diso la madzi, mbalame zovina, maulendo anga onse. Nditamaliza m'pamene ndinakumbukira za miyendo yanga. Koma amayi sanatole mkwapulo. Lichero linaima m'manja mwawo. Anayang'ana mlongo wanga, amene anali atagona pamkeka mimba ili tuu, miyendo ngati timitengo.

M'mawa mwake anatenga khasu lobiriwira kuseri kwa chitseko. "Tsogola," anandiuza.

Tinadutsa katope. Amayi sanaponde m'mapazi mwanga. Ankayenda pamene afuna, madzi akuthovoka. Tinawapeza amalume pa diso lija, chipewa chili m'manja. Ataona khasu, anaimirira pang'onopang'ono.

"Achimwene," anatero amayi, mawu ali pansipansi, "mwana wanga watha ndi njala miyezi yonseyi chifukwa cha mawu anu."

"Ndinanama, mlongo wanga?"

"Simunaname. N'chimene chikundiwawa. Mukananama, bwenzi ndikudziwa choti ndikukhululukireni."

Amalume anayang'ana m'madzi. Ananena zochepa, ndipo zina ndinazimvetsa patapita zaka. Anati chaka cha chilala chachikulu, nkhondo isanathe, mitsinje yonse inauma, ndipo anthu otsala amene ankabisala m'mapanga ankakwawa kudzamwa pamenepa. Anati pamenepa m'pamene anagwada n'kulonjeza Mwini madzi kuti akadzakhala ndi moyo, khasu silidzalowa muno iwo akuona. Anati anthu anjala sakanamva za lonjezo, koma za bomba anamva.

"Koma dambo si langa," anamaliza. "Ndi la mbumba, ndipo mbumbayo ndinu. Khasu ndi lanu. Ine nditembenuka."

Anatembenukadi, kutipatsa msana.

Amayi anakweza khasu. Ndikuliona mpaka pano, penti wake akunyezimira padzuwa. Linatsika n'kulowa lonse, ndi kaphokoso konga ka mwana woyamwa. Anakoka, chibuma chakuda chinatembenuka, chonona, chonunkhira chonde, dothi loti mlimi aliyense angalilote. Dzenjelo linadzaza madzi nthawi yomweyo. Amayi anaima akuliyang'ana. Mphepo inkachokera kuseri kwa phiri, itanyamula fungo la nthaka yopsa. Kumunsi, pansi pa katope, kunkamveka kugundana kwa zitini ndi mawu a amayi a kuseri akukangana za amene anayamba kufika.

Sindikudziwa kuti anaima nthawi yaitali bwanji. Kenaka anawerama, natenga chibuma chija ndi manja awiri, nachibwezera m'malo mwake udzu uli pamwamba, nachitsendera ndi chidendene mofatsa, monga amafunditsira mwana. Sanawayang'ane amalume. Anaika khasu paphewa, ife n'kutsika.

Sitinapite kunyumba. M'munsi mwa kasupe, pamene madzi otsala amatayikira m'miyala, amayi anayamba kukumba kangalande kolowera kudothi lofiira la pafupi ndi bwinja lathu. Linali dothi louma, lamiyala, losayenera dimba. Khasu linkalira ngati belu, ndipo pofika masana penti yense anali atasupuka, kupatula kadontho kaja. Amalume anabwera ndi khasu lawo lakutha n'kuyambira mbali ina. Analima moyang'anizana masiku angapo osalankhulana, kufikira madzi anafika pamunda ngati kanjoka. Tinabzala nyemba ndi mpiru. Sizinali zambiri. Mlongo wanga anakhalabe wowonda mpaka chimanga chachiwisi, koma anakhala ndi moyo, ndipo lero ali ndi zidzukulu.

Malemba amati munthu anaikidwa m'munda kuti aulime ndi kuusunga. Ndili mwana ndinkayesa kuti imeneyo ndi ntchito imodzi. Chaka chimenecho ndinaona lamulo limodzilo litagawika pakati pa mlongo ndi mlongo wake, wina atagwira kulima, wina kusunga, aliyense ali ndi chifukwa chomveka pamaso pa Mulungu. Ndimaganizanso za dziko lija limene linapuma masabata ake pamene eni ake anali ku ukapolo. Dambo lathu linapuma ife tili kothawa. Pakanapanda mawu a amalume, tikanalidzutsa ndi makasu sabata yoyamba yomwe.

Patapita zaka, akatswiri ofufuza mabomba anafika ndi zipangizo zawo. Pamsewu wakale anapezadi zoopsa, koma kudambo sanapeze kanthu. Pamenepo n'kuti anthu ataona kale zimene zinachitika kuseri, kumene mpaka lero kuli chigwembe chofiira chimene chimakula dzinja lililonse. Midzi yomwa madzi a phirilo inapangana, a boma navomereza, kuti kumtunda kusalowe khasu, moto, ng'ombe kapena mbande za bulugamu. Anazika zipilala kuzungulira. Malowo amatchedwa Pamina, ndipo ana a masiku ano amayesa kuti ndi dzina chabe. Ine ndinakwatiwa ku Furancungo, koma chilimwe chilichonse ndimakwera shapa, kaminibasi ka kwathu, kukaona manda a amayi ndi amalume, amene anagona moyandikana. Ndikatero ndimapita pansi pa katope kukamwa ndi manja. Eni dambo aja akadalipo, kapena ana awo. Maondo anga salolanso kukwera, koma ndimawamva akuitana m'nkhungu.

Koma chimene chimandibwerera kwambiri si chimenecho. Ndi m'mawa wina, patangopita masiku ochepa chikumbireni kangalande kaja. Tinali pakasupe, ine ndi amayi, pakati pa mzere wa amayi a kuseri. Mmodzi wa iwo, amene dimba lake linali litapsa, anayang'ana kumtunda kumene udzu unali wobiriwira pakati pa phiri louma, nafunsa: "Anzathu inu, kodi n'zoona zimene amanena za uko? Dothi labwino lonselo lingogona?"

Ndinayang'ana amayi. Awa anali amayi amene ankatitsuka pakamwa ndi phulusa tikanama, amene ankati bodza ndi mwana woyamba wa Satana. Ndinkadziwa zimene akudziwa. Iwo anapitiriza kuthira madzi m'chitini, osafulumira, mpaka chinadzaza.

"Achimwene akuti kuli mina," anatero.

Ndinadikira kuti thanthwe ling'ambike, kapena kasupe aume pomwepo. Palibe chinachitika. Madzi ankangotuluka. Ndinatsegula pakamwa kuti ndithandize, ndifotokoze za mawu a ntchito ziwiri, koma amayi anali atanyamula kale chitini n'kundisenzetsa pamutu, dzanja lawo lonyowa likundigwira pachibwano kuti ndiyang'ane kutsogolo.

"Yenda bwino," anatero. "Usataye madzi."